Helicobacter pylori mwa anthu obadwa ndi chitetezo chochepa cha m'thupi

Helicobacter pylori, kamene mwachidule kamalembedwa kuti H. pylori, ndi kachilombo ka mtundu wa bakiteriya kamene kamakhala m'chifu mwa munthu. Ndi kamene kamayambitsa zilonda za m'mimba zambiri, ndiponso ndi gwero lalikulu la khansa ya m'chifu padziko lonse. Anthu obadwa ndi chitetezo chochepa cha m'thupi, makamaka amene thupi lawo silipanga ma antibody okwanira, amatenga kachilomboka mofanana ndi anthu ena. Chosiyana n'chakuti chifu chawo chimawonongeka msanga, kuyeza magazi kofufuza kachilomboka kumapereka zotsatira zolakwika, ndipo mpata wodwala khansa ya m'chifu umakhala waukulu kangapo kuposa wa anthu ena.

Kuchepa kwa chitetezo kobadwa nako si HIV, ndipo sikupatsirana. Kumachokera m'chibadwa cha munthu. Ku Malawi anthu ambiri amatenga H. pylori akadali ana, ndipo munthu wodwaladwala amayamba waganiziridwa HIV, malungo, chifuwa chachikulu kapena kunyentchera. Pa chifukwa chimenechi, munthu wobadwa ndi vutoli atha kuyenda zipatala kwa zaka zambiri gwero la matenda ake lisakudziwika.

## Kachilombo ka H. pylori

Kachilomboka n'kopindikapindika ndipo kali ndi timichira tingapo kumapeto kumodzi. Timichirato timakathandiza kusambira m'madzi olenda amene amakuta khoma la m'kati mwa chifu. Asidi wa m'chifu amapha mabakiteriya ambiri amene munthu amameza, koma H. pylori kamatulutsa enzyme yotchedwa urease, imene imaswa urea n'kupanga ammonia. Ammonia ameneyu amachepetsa ukali wa asidi pamalo pamene kachilomboka kakhala. Mitundu ina ya kachilomboka ili ndi mapuloteni otchedwa CagA ndi VacA, amene amavulaza maselo a khoma la chifu kwambiri.

Kwa zaka zambiri madokotala ankakhulupirira kuti m'chifu simungakhale bakiteriya, ndipo ankati zilonda za m'mimba zimabwera ndi nkhawa, tsabola kapena kuchuluka kwa asidi. Mu 1979 Robin Warren, dokotala wa ku Perth m'dziko la Australia, adaona tizilombo topindika m'tizidutswa ta chifu cha odwala. Mu 1982 iye ndi Barry Marshall adakwanitsa kumeretsa tizilomboto m'labotale, ndipo mu 1984 Marshall adamwa dala madzi okhala ndi tizilomboto n'kudwala kutupa kwa chifu. Dzina loti Helicobacter pylori lidakhazikitsidwa mu 1989. Mu 1994 bungwe la International Agency for Research on Cancer lidaika kachilomboka m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa, ndipo mu 2005 Warren ndi Marshall adalandira mphoto ya Nobel.

Pafupifupi aliyense amene ali ndi kachilomboka amakhala ndi kutupa kwa khoma la chifu, koma ambiri samva kanthu moyo wawo wonse. Mwa anthu 100 amene ali nako, 10 mpaka 15 amadwala zilonda za m'chifu kapena za koyambira kwa matumbo aang'ono, ndipo mmodzi mpaka atatu amadwala khansa ya m'chifu. Khansayi imabwera pang'onopang'ono. Kutupa kukakhalitsa, tizigawo topanga asidi timafota ndipo khoma limapyapyala. Kenako maselo a chifu amasintha n'kufanana ndi a m'matumbo, ena amayamba kukula molakwika, ndipo pomaliza pamabuka khansa. Ndondomeko imeneyi adaifotokoza mu 1975 Pelayo Correa, dokotala wa ku Colombia.

## Kafalidwe ndi kuchuluka kwake

Anthu ambiri amatenga H. pylori ali ana, kuchokera kwa amayi awo, abale awo kapena ena a m'nyumba imodzi. Kamalowera m'kamwa kudzera m'malovu, m'masanzi, ndi m'chakudya kapena madzi amene akhudzana ndi chimbudzi. Kuthithikana m'nyumba, kusowa kwa madzi aukhondo ndi kutafunira mwana chakudya zimathandiza kuti kafale. Kakalowa, kamakhala m'chifu mpaka munthu atamwa mankhwala okapha.

Kachilomboka n'kakale kwambiri. Kafukufuku wa DNA yake akuonetsa kuti kadatuluka mu Africa pamodzi ndi anthu zaka pafupifupi 60,000 zapitazo. Kafukufuku wophatikiza zotsatira za mayiko ambiri, amene adasindikizidwa mu 2017, adapeza kuti mu 2015 anthu pafupifupi 4.4 biliyoni adali nako, ndipo chigawo cha Africa ndicho chidali patsogolo ndi anthu pafupifupi 70 mwa 100 alionse. Ku Malawi, A. D. Harries ndi anzake adayeza akuluakulu 160 amene ankamva kuwawa chapamwamba pa mimba, ndipo lipoti lawo la mu 1992 lidati 141 mwa iwo, kapena kuti 88 mwa 100 alionse, adali ndi kachilomboka. Ku Lusaka m'dziko la Zambia, kafukufuku wa mu 2001 adapeza ma antibody a kachilomboka mwa akuluakulu pafupifupi 81 mwa 100 alionse.

Mu 1992 dokotala wina, C. Holcombe, adalemba zodabwa kuti mu Africa kachilomboka n'kochuluka koma malipoti a khansa ya m'chifu ndi ochepa. Ena adati gwero lake ndi mitundu ya kachilomboka, zakudya kapena njoka za m'mimba zimene zimasintha kagwiridwe ntchito ka chitetezo. Ena adaonetsa kuti kumene kuli zipangizo zounikira m'mimba, zilonda ndi khansa zimapezeka ndithu, kutanthauza kuti odwala ambiri ankangomwalira osayezedwa.

## Kuchepa kwa chitetezo kobadwa nako

Chitetezo cha m'thupi chili ndi magulu angapo a maselo oyera a m'magazi, amene anthu ambiri amawatchula kuti asilikali a m'thupi. Maselo a B amapanga ma antibody, omwe ndi mapuloteni ogwira tizilombo kuti tiphedwe. Antibody wa IgG ndiye wochuluka m'magazi, IgM ndiye amayamba kupangidwa matenda akangolowa, ndipo IgA amateteza m'kamwa, m'mapapo, m'chifu ndi m'matumbo. Maselo a T amalamulira nkhondo yonseyi komanso amapha maselo odwala. Munthu akabadwa ndi cholakwika m'malangizo a DNA amene amaumba gulu limodzi mwa magulu amenewa, chitetezo chake chimakhala chopunduka mbali imeneyo. Bungwe la International Union of Immunological Societies lidawerenga mitundu 485 ya matenda otere mu 2022. Imene imakhudza chifu kwambiri ndi iyi:

CVID. Dzina lonse ndi common variable immunodeficiency. Maselo a B amakhalapo koma sapanga IgG yokwanira, komanso IgA kapena IgM imachepa. Ku Ulaya amapezeka mwa munthu mmodzi pa anthu 25,000 mpaka 50,000. Amagwira amuna ndi akazi omwe, ndipo ambiri amadziwika ali ndi zaka 20 mpaka 40. Odwala amavutika ndi chibayo chobwerezabwereza, mafinya m'makutu, kutsekula m'mimba kosatha, kutupa kapamba ndi mwanabere. Mwa ena chitetezo chimatembenukira thupi lawo lomwe.

XLA. Awa ndi matenda a Bruton, amene Ogden Bruton adawafotokoza mu 1952 ku United States. Gwero lake, lomwe ndi kuwonongeka kwa gene yotchedwa BTK, lidapezeka mu 1993. Maselo a B sakhwima, choncho ma antibody amakhala kulibiretu. Amagwira ana aamuna, pafupifupi mmodzi pa 200,000, ndipo amadzera kwa mayi, amene iye mwini sadwala. Mwana amabadwa bwinobwino chifukwa cha IgG imene adalandira ali m'mimba, ndipo amayamba kudwaladwala akapitirira miyezi 6, IgG ya mayiyo ikatha.

Kusowa kwa IgA yokha. Ili ndi vuto lofala kuposa onse, pafupifupi munthu mmodzi pa 600 pakati pa anthu a ku Ulaya. Ambiri sadwala, koma ena amavutika ndi matenda a m'mapapo ndi a m'matumbo.

Kusokonekera kwa maselo a T. Kuchepa kwa mapuloteni a CTLA-4 kapena LRBA kumachotsa chimene chimaletsa maselo a T kuukira thupi. Odwala amaoneka ngati a CVID, ndipo kufota kwa chifu ndi khansa ya m'chifu zapezeka mwa ena a iwo.

Ma antibody atha kuchepanso pa zifukwa zina zosakhala zobadwa nazo, monga kutaya mapuloteni mumkodzo kapena m'matumbo, khansa za m'magazi, ndi mankhwala monga prednisolone, phenytoin ndi carbamazepine. Dokotala amayamba waona zimenezi asananene kuti munthu ali ndi CVID.

## Zimene kachilomboka kamachita mwa odwala amenewa

Ma antibody paokha sachotsa H. pylori. Munthu wa chitetezo chabwino amapanga IgG ndi IgA zambiri zolimbana nako, koma kachilomboka kamakhalabe m'chifu mwake. N'chifukwa chake kusowa ma antibody sikuchulukitsa kwenikweni chiwerengero cha anthu otenga kachilomboka. Ku Italy, A. Zullo ndi anzake adaunika chifu cha odwala CVID 34 ndipo mu 1999 adalemba kuti 14 mwa iwo adali nako, chiwerengero chosasiyana kwambiri ndi cha anthu ena a m'dzikolo. Koma kufota kwa khoma la chifu kudapezeka makamaka mwa amene adali ndi kachilomboka.

Pali zinthu zingapo zimene zimawonjezera ngozi. Choyamba, mwa odwala CVID ambiri maselo a T sayenda mwadongosolo, ndipo kutupa kumene H. pylori kayambitsa kumakula mopitirira muyeso. Chachiwiri, mwa ena chitetezo chimaukira maselo opanga asidi ngakhale popanda kachilomboka. Chachitatu, asidi akachepa, mabakiteriya ena ochokera m'kamwa ndi m'matumbo amaswana m'chifu n'kumapanga mankhwala otchedwa nitrosamine, amene amawononga DNA ya maselo. Chachinayi, chitetezo chofooka chimalephera kupha maselo amene ayamba kusanduka khansa.

Kafukufuku wa ku Britain wotsogoleredwa ndi L. J. Kinlen, wa mu 1985, adapeza kuti khansa ya m'chifu idachuluka ka 47 mwa odwala CVID poyerekeza ndi anthu ena. Kafukufuku wa ku Denmark ndi Sweden wa mu 2002 adapeza kuti idachuluka pafupifupi ka 10. Mu 2018 madokotala a ku Italy, atatsatira odwala akuluakulu oposa 400, adalengeza kuti khansa ya m'chifu ndiyo idapha ambiri mwa iwo. Ziwerengerozi n'zosiyana, koma zonse zikuloza kumodzi. Khansayi imabweranso munthu ali wocheperako msinkhu, ndipo yapezekapo mwa achinyamata a XLA.

H. pylori kamayambitsanso khansa ina ya maselo a B a m'khoma la chifu, yotchedwa MALT lymphoma. Ikapezeka msanga, nthawi zambiri imazimirira kachilomboka kakangophedwa.

Kuchepa magazi ndi vuto linanso. Chilonda chimatha kumataya magazi pang'onopang'ono, ndipo chifu chopanda asidi chimalepheretsa thupi kuyamwa ayironi. Maselo opanga asidi ndi omwenso amapanga puloteni yothandiza kuyamwa vitamini B12, choncho akafota vitaminiyo amachepa. Munthu amafooka, amamva dzanzi m'mapazi ndi m'manja, ndipo amayenda movutika. Kuchepa kwa ma platelet, tizigawo toumitsa magazi pabala, kumachitika kawirikawiri mwa odwala CVID, ndipo H. pylori ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimafufuzidwa zikatere.

Zimenezi zikusiyana ndi zimene zimaoneka pa HIV. Kafukufuku wa m'mayiko angapo wapeza kuti H. pylori kamapezeka mocheperako mwa anthu amene CD4 yawo yatsika kwambiri.

## Tizilombo tina tofanana nako

H. pylori kamakhala makamaka m'chifu ndipo kawirikawiri sikalowa m'magazi. Koma tizilombo tina ta m'banja lomweli, monga Helicobacter cinaedi, komanso Campylobacter jejuni, timakhala m'matumbo ndipo mwa odwala XLA timatha kulowa m'magazi. Zikatero munthu amatentha thupi mobwerezabwereza, miyendo imatupa n'kufiira, ndipo pamabuka zilonda zosapola kapena matenda a m'mafupa. Tizilomboti timavuta kumeretsa m'labotale ndipo timafuna mankhwala a nthawi yaitali. Kachilombo ka Giardia, kamene kamafala ndi madzi oipa, ndiko kamayambitsa kawirikawiri kutsekula m'mimba kosatha ndi kuwonda mwa anthu osowa ma antibody.

## Zizindikiro

Zizindikiro za H. pylori ndi kuwawa kapena kutentha chapamwamba pa mimba, chilungulira, kugeyageya, nseru, kufufuma mimba ndi kukhuta msanga. Chilonda cha koyambira kwa matumbo chimawawa kwambiri munthu akakhala ndi njala kapena pakati pa usiku. Zizindikiro zofunika kuthamangira nazo kuchipatala ndi kusanza magazi, chimbudzi chakuda bii ngati phula, kuwonda kosadziwika chifukwa, kusanza kosalekeza, kuvutika kumeza, kuyera m'maso ndi m'manja, ndi chotupa cholimba pamimba. Chifu chofota sichiwawa nthawi zonse, choncho mwa odwala CVID kuchepa magazi kutha kukhala chizindikiro choyamba.

Bungwe la Jeffrey Modell Foundation lidafalitsa zizindikiro 10 zokayikitsa kuti mwana adabadwa ndi chitetezo chochepa. Zina mwa izo ndi matenda a m'makutu kanayi kapena kuposa pa chaka, chibayo kawiri kapena kuposa pa chaka, kumwa maantibayotiki miyezi iwiri osachira, kusakwera sikelo, zithupsa zakuya zobwerezabwereza, zoyera za m'kamwa zosatha, ndi kukhala ndi wachibale wa vuto lomweli. Pa XLA, mbiri ya kuchimayi ndiyo yofunika: amalume a mwana kapena ana aamuna a achemwali a mayi ake amene adamwalira ali aang'ono ndi chibayo kapena matenda oumitsa khosi. Mitundu ina imafuna kuti mwana alandire gene yowonongeka kwa makolo onse awiri, ndipo imapezeka kwambiri m'mabanja a pachibale, monga a chisuweni.

## Kuyeza

Pali njira zinayi zofufuzira H. pylori, ndipo pa odwala amenewa njirazi sizifanana mphamvu.

Kuyeza magazi kumafufuza IgG imene thupi lapanga polimbana ndi kachilomboka. Ndi njira yotsika mtengo ndiponso yofulumira, koma kwa munthu wosapanga ma antibody imaonetsa kuti alibe kachilombo pamene ali nako. Akayamba kulandira IgG yochokera kwa anthu opereka magazi, imatha kuonetsa kuti ali nako pamene alibe, chifukwa ma antibody amene apezekawo ndi a anthu ena. Ngakhale kwa munthu wa chitetezo chabwino, njirayi siyisiyanitsa matenda akale ndi amene alipo, choncho siyingatsimikize kuti munthu wachira. Vuto lomweli limakhudza kuyeza kulikonse kodalira ma antibody, kuphatikizapo kuyeza HIV kwa pompopompo. Pa munthu wotere pamafunika njira ya PCR, imene imafufuza kachilombo kenikeniko.

Kuyeza chimbudzi kumafufuza tizidutswa ta kachilomboka, choncho sikudalira chitetezo cha wodwala. Kuyeza mpweya nakonso n'kodalirika: wodwala amamwa urea wokhala ndi chizindikiro, ndipo ngati m'chifu muli urease, chizindikirocho chimatuluka mumpweya wopuma. Kuti njira ziwirizi zisaname, munthu ayenera kukhala milungu iwiri osamwa omeprazole ndi mankhwala ofanana naye, komanso milungu inayi osamwa maantibayotiki kapena bismuth. Lamulo limeneli limavuta kwa odwala amene amamwa maantibayotiki pafupipafupi, ndipo nthawi yoyeza imafunika kukonzedwa ndi dokotala.

Njira yachinayi ndi endoscopy, pamene kapaipi kofewa kokhala ndi kamera kamalowetsedwa kukhosi mpaka m'chifu. Dokotala amaona zilonda kapena zotupa, ndipo amatapa tizidutswa ta khoma kuti tikaunikidwe pa maikulosikopu. Ndi njira yokhayi imene imaonetsa kuti chifu chafota kufika pati. Mu 2011 madokotala a ku Oxford, F. Dhalla ndi anzake, adapereka ganizo loti wodwala CVID aliyense aziyezedwa H. pylori ndi mpweya kapena chimbudzi, aziyezedwanso ayironi ndi B12, ndipo amene ali pangozi aziunikidwa ndi endoscopy mobwereza.

Kuti kuchepa kwa ma antibody kutsimikizike pamafunika kuyeza mlingo wa IgG, IgA ndi IgM, kuwerenga maselo a B ndi T, ndi kuona ngati thupi layankha katemera. Kumene zipangizo zimenezi kulibe, pali njira yosavuta yokayikira vutoli. Labotale imayeza mapuloteni onse a m'magazi ndi albumin, n'kuchotsera albumin pa mapuloteni onsewo. Chotsalacho ndi globulin, ndipo akakhala pansi pa magalamu 18 pa lita, wodwala amayenera kufufuzidwa mozama.

## Chithandizo

H. pylori saphedwa ndi mankhwala amodzi. Chithandizo chodziwika ndi cha mankhwala atatu kwa masiku 14: omeprazole wochepetsa asidi, amoxicillin, ndi clarithromycin kapena metronidazole, amene ambiri amamudziwa kuti Flagyl. Njira ina ndi ya mankhwala anayi: omeprazole, bismuth, tetracycline ndi metronidazole. Munthu akamamwa metronidazole saloledwa kumwa mowa. Tetracycline saperekedwa kwa amayi oyembekezera ndi ana osakwana zaka 8. Bismuth amadetsa chimbudzi, ndipo wodwala amafunika kuuzidwiratu kuti asasokoneze ndi magazi.

Vuto lalikulu ndi kupima kwa kachilomboka ku mankhwala. Mu Africa mitundu yambiri ya H. pylori simvanso metronidazole, ndipo mu 2017 bungwe la World Health Organization lidaika H. pylori wosamva clarithromycin pamndandanda wa tizilombo tofunika mankhwala atsopano mwachangu. Malangizo a akatswiri amati clarithromycin asagwiritsidwe ntchito mongoyerekeza m'dera limene tizilombo toposa 15 mwa 100 tapima. Odwala CVID ndi XLA amakhala atamwa maantibayotiki ambiri, ndipo ena amamwa azithromycin kwa nthawi yaitali poteteza mapapo. Azithromycin ndi wa gulu limodzi ndi clarithromycin, choncho mbiri ya mankhwala amene munthu adamwapo ndiyo imatsogolera posankha chithandizo. Pakapita milungu inayi kapena kuposa chithandizo chitatha, chimbudzi kapena mpweya zimayezedwanso. Kusiya kumva kuwawa si umboni wakuti kachilomboka kafa.

Kusowa kwa ma antibody kumathandizidwa ndi IgG yoyengedwa kuchokera m'magazi a anthu masauzande ambiri. Imaperekedwa m'mitsempha milungu itatu kapena inayi iliyonse, kawirikawiri mamiligalamu 400 mpaka 600 pa kilogalamu ya thupi, kapena pansi pa khungu mlungu uliwonse, kwa moyo wonse. Ili pamndandanda wa mankhwala ofunika wa World Health Organization, koma ndi yokwera mtengo ndipo m'mayiko ambiri a mu Africa imasowa. IgG imachepetsa chibayo ndi matenda a m'magazi, koma siyibwezera IgA m'chifu ndipo siyipha H. pylori. Wodwala amene akulandira IgG amafunikabe kuyezedwa chifu. Amene B12 yawo yachepa chifukwa cha kufota kwa chifu amabayidwa jekeseni wa vitaminiyo.

## Ku Chembe ndi kugombe la kum'mwera kwa nyanja

Chembe ndi mudzi wa asodzi ku Cape Maclear, m'dera la Mfumu Yaikulu Nankumba m'boma la Mangochi. Uli m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene idakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO idaiika pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984. M'mudzimu muli anthu oposa 10,000, amene nyumba zawo zidathithikana pakati pa mapiri ndi nyanja. Monga m'midzi ina ya m'mphepete mwa nyanja, kusamba, kuchapa, kutsuka mbale ndi kukonza nsomba zimachitikira kugombe. Kuthithikana ndi kugwiritsa ntchito madzi amodzi pa ntchito zambiri ndi zinthu zimene zimathandiza tizilombo tolowera m'kamwa.

Matenda ena a m'derali amakhudzana ndi nkhaniyi. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, womwe udali waukulu kuposa ina yonse m'mbiri ya Malawi ndipo udapha anthu oposa 1,700, udavuta kwambiri m'boma la Mangochi. Asidi wa m'chifu ndiye mpanda woyamba wotchinga kolera ndi taifodi, kotero munthu wa chifu chofota amadwala ngakhale atameza tizilombo tochepa. Likodzo la m'chikhodzodzo ladziwika ku Chembe kwa zaka zambiri, ndipo kuyambira 2018 likodzo la m'matumbo lapezekanso mwa ana a sukulu a m'mphepete mwa nyanja m'bomali. Likodzo la m'matumbo likakhalitsa limaumitsa chiwindi n'kutupitsa mitsempha ya kum'mero, ndipo munthu amasanza magazi ngati wa chilonda. Kuvutika kumeza nako kumafuna kuunikidwa msanga, chifukwa Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa ya kum'mero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse.

Ku Chembe kuli chipatala cha Billy Riordan Memorial, chimene chidatsegulidwa mu 2004. Odwala ofunika thandizo lalikulu amatumizidwa ku Monkey Bay Community Hospital, pamtunda wa makilomita pafupifupi 20, kenako ku Mangochi District Hospital ndi ku Zomba Central Hospital. Endoscopy imachitika m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Kwa banja lodalira usodzi, ulendo wotere umadya ndalama ndi masiku a ntchito, ndipo ambiri amangogula mankhwala oziziritsa m'mimba. Omeprazole amabisa zizindikiro koma sapha kachilomboka. Mankhwala opha ululu monga ibuprofen, diclofenac, indomethacin ndi aspirin amawonjezera zilonda ndipo atha kuyambitsa kutaya magazi.

Chida chothandiza kwambiri pa msinkhu wa chipatala chaching'ono ndi kabuku ka kuchipatala. Munthu amene kabuku kake kadzaza ndi chibayo, mafinya m'makutu ndi kutsekula m'mimba, HIV alibe, ndipo mankhwala a chifuwa chachikulu sadamuthandize, ndi woyenera kuyezedwa globulin. Munthu wotere akadandaula za m'mimba, zotsatira za magazi zonena kuti alibe H. pylori siziyenera kukhulupiriridwa popanda kuyeza chimbudzi.

M'mayiko a kum'mwera kwa Sahara anthu ambiri obadwa ndi vutoli sadziwika. Bungwe la African Society for Immunodeficiencies lidakhazikitsidwa mu 2008 ku Casablanca m'dziko la Morocco kuti liphunzitse madokotala za matendawa, ndipo ku South Africa kuli kaundula wa odwala wosungidwa ku chipatala cha Tygerberg. Chaka chilichonse, kuyambira pa 22 mpaka pa 29 April, mayiko amakumbukira sabata yodziwitsa anthu za matendawa.

## Kapewedwe

Katemera wa H. pylori kulibe m'zipatala. Kupewa kumadalira madzi akumwa owiritsa kapena othira mankhwala a klorini, kugwiritsa ntchito chimbudzi, kusamba m'manja ndi sopo, kusamala pochotsa masanzi, ndi kusatafunira ana chakudya. Kafukufuku wa ku Gambia wa mu 1993 adaonetsa kuti IgA ya mumkaka wa m'mawere imachedwetsa nthawi imene khanda limatengera kachilomboka. Kusuta fodya ndi kudya mchere wambiri zimawonjezera ngozi ya khansa ya m'chifu, pamene zipatso ndi ndiwo zamasamba zimaichepetsa. Kwa munthu wodziwika kuti adabadwa ndi chitetezo chochepa, akatswiri amalimbikitsa kufufuza kachilomboka ngakhale asakumva kuwawa, kukapha kakapezeka, kutsimikiza kuti kafadi, ndi kupitiriza kuunika chifu ngati khoma lake lidafota kale.